Kusankha autoclave ya kachipatala ka mano ku Turffontein: momwe ntchito ikuyendera

Alamu anga ndi dokotala wa mano, ndipo chaka chino cha 2023 akutsegula kachipatala kawo ka mipando iwiri ku Turffontein, kumwera kwa tawuni ya Johannesburg. Ine andipatsa chipinda chakuseri, kotsukira zipangizo ndi kuphera tizilombo, popeza ndi ntchito imene ndakhala ndikugwira m'zipatala za eni ake kuno ku Joni. Kuyendetsa autoclave, makina ophera tizilombo pa zipangizo ndi nthunzi yotentha, ndimatha, koma kugula ndi nkhani ina. Ndizilemba pano zimene zikuchitika, ndi mitengo yake ya 2023 m'marandi, kuti wina amene ali ndi ntchito yonga iyi, kuno kapena kumudzi, atolepo kake.

8 Febuluwale 2023: kuyala zipangizo

Tisanafunse mtengo kwa wina aliyense, tayala zipangizo zonse pathebulo n'kuzigawa milu itatu. Mulu woyamba ndi zitsulo zopanda bowo: timagalasi toonera m'kamwa, zozulira mano, ma probe, ma elevator. Wachiwiri ndi zokhala ndi tinjira m'kati: ma handpiece (timakina togwira pamanja tobowolera mano) othamanga anayi, oyenda pang'onopang'ono awiri, nsonga za scaler, ndi timapaipi tachitsulo toyamwira magazi ndi malovu. Wachitatu ndi thonje, gozi ndi nsalu zokutira. Mulu wachitatuwu wakula chifukwa anamwino amene atenga chipinda choyandikana nafe, otsuka mabala ndi kuyeza amayi, apempha kuti zawo zizilowanso m'makina athu, iwo azithandizako pa bilu ya magetsi.

Makina a pathebulo, osafika malita 60, amagawidwa patatu motsatira muyezo wa ku Ulaya wa EN 13060, ndipo ogulitsa onse kuno amatchula zilembo zomwezo: N, S ndi B. A gulu la N amangodzaza nthunzi, nthunziyo n'kumakankha mpweya pang'onopang'ono mpaka utuluke. Amenewa ndi a zitsulo zopanda bowo, zosakutidwa, zoti ukatulutsa uzigwiritse ntchito pomwepo. A gulu la B ali ndi pampu imene imayamwa mpweya kangapo, kawirikawiri katatu, nthunzi isanayambe ntchito yake, n'kudzayamwanso pomaliza kuti katundu aume. A gulu la S ali pakatikati. Amatha zokhazo zimene wopanga walemba m'buku lake, ndiye bukulo uyenera kuliwerenga mzere ndi mzere.

Nkhani yonse yagona pa mpweya. Pamene pabisala mpweya nthunzi sifikapo, ndipo pamene nthunzi sinafike tizilombo timatsala tamoyo ngakhale kunja kwa chitsulo kutenthe chotani. M'kati mwa handpiece muli timapaipi topyapyala kwambiri, ta madzi ndi ta mpweya, ndipo ikamaleka kuzungulira imatha kukokera malovu ndi magazi a wodwala m'menemo. Choncho mulu wachiwiri ndi wachitatu watiuza kale chogula. Adokotala afunsa kuti, "Alamu, ndiye N sitiyang'anako n'komwe?" Ndayankha kuti kuyang'ana tingayang'ane, koma tikagula tidzafunabe makina ena a ma handpiece, ndipo chipinda chathu sichikwana makina awiri.

14 Febuluwale: ya kaunjika ndi ya poto

Mbiri yamveka kuti tikufuna makina, ndiye alangizi achuluka. Achimwene ena a kutchalitchi ku Rosettenville atipezera autoclave ya N ya malita 18 kwa dokotala amene akutseka chipatala chake, mtengo R9,000. Ndapita kukaiona. Labala wa pachitseko wauma, ali ndi ming'alu. Pansi m'kati mwake muli zoyerayera zokakamira, umboni woti ankathiramo madzi a pampopi. Buku la sevisi palibe, ndipo mwiniwake sakukumbuka kuti wokonza anafika liti komaliza. Ikanakhala yatsopano sikanatithandizabe pa ma handpiece. Ndathokoza, ndabwerako.

Amalume, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala chaching'ono kumudzi, iwo akuti tisadzivute, tigule ya poto ija yotereka pa moto, yokhala ndi geji ndi kachitsulo kolemera pachivindikiro, poti sifuna magetsi ndipo inawasunga iwo zaka zonsezo. Za magetsizo akunena zoona. Koma pali chinthu cha kuno ku Joni chimene ambirife sitichiganizira. Mzindawu uli pamtunda kwambiri, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa ngakhale tawuni ya Dedza. Madzi kuno amawira pa madigiri pafupifupi 94, osati 100, n'chifukwa chake nyemba zimatha magetsi zisanafewe. Kachitsulo ka pa poto uja kanapangidwa kuti kaziwonjezera mapaundi 15, kapena tinene pafupifupi 1 bar, pamwamba pa mpweya wakunja. Ku Durban, m'mphepete mwa nyanja, zimenezo zimakupatsa madigiri 121. Kuno, poti mpweya wakunjawo ndi wopepuka, mapaundi 15 omwewo amakufikitsa pa 118 basi. Geji ikuonetsa kuti zonse zili m'malo mwake, mphindi 15 zakwana, iwe n'kutsegula ndi mtima umodzi, chikhalirecho kutentha kofunikako sikunafike. Amalume amvetsera, apukusa mutu, ati, "Ana inu mumangokonda za mabatani." Sitinakangane.

23 Febuluwale: makotesheni

Ndalankhula ndi ogulitsa atatu, onse a makina a B. Woyamba amagulitsa pa intaneti: malita 18, R41,000, amangokutumizira bokosi. Wachiwiri ali kuno ku Gauteng: malita 23, R58,500 ndi VAT yomwe, kuphatikiza kudzaika, kutiphunzitsa ndi waranti ya zaka ziwiri. Wachitatu ndi wa makina a ku Ulaya. M'zipatala zimene ndagwiramo ndazolowera mayina ngati Melag ya ku Germany, W&H ya ku Austria, Euronda ndi Mocom a ku Italy, ndipo mtima wanga unali kumeneko, koma kotesheni ya mtundu umenewo yapitirira R140,000. Alamu aiwerenga, aipinda bwinobwino, aiika m'dirowa.

Safunsa anadya phula, ndiye aliyense ndamufunsa mafunso omwewo. Loyamba, laisensi ya SAHPRA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala m'dziko muno. Kampani yoitanitsa kapena kugulitsa zipangizo zotere iyenera kukhala nayo. Kenako pepala la wopanga lonena kuti makinawo ndi a B motsatira EN 13060, chifukwa mawu oti "vacuum" pa chithunzi chotsatsira malonda sakwanira. Alipo makina oyamwa mpweya kamodzi kokha, kapena oyamwa poumitsa pokha, ndipo amenewo si B. Ndafunsanso mapepala a chemba chenichenicho, m'mimba mwa makina momwe mumalowa katundu, popeza ndi chiwiya chosunga nthunzi yopanikizika ndipo malamulo a Pressure Equipment Regulations a 2009 amakhudza ziwiya zotere.

Koma funso limene lasiyanitsa anthuwa ndi lakuti makina akafa Lachiwiri m'mawa, abwera ndani, achokera kuti, ndipo labala wa chitseko, fyuluta ndi pampu ali nazo m'sitolo kapena mpaka aitanitse kunja. Wa pa intaneti wati tidzatumize makinawo kwa iye pa mtengo wathu. Makina olemera makilogalamu pafupifupi 50, chipatala chitaima. Wachiwiri wati okonza ake amafika tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndipo ngati ntchito ndi yaitali amabwereka makina ena. Ndamupempha alembe zimenezo pa kotesheni, walemba.

Taganizirakonso za makina a kaseti a gulu la S, othamanga kwambiri aja, amene madokotala ena amawakonda pa ma handpiece. Ndi abwino pa ntchito yake, koma mapaketi a gozi a anamwino sangakwanemo. Pa kukula tasankha malita 23. Kukamwa kwa chemba ndi chimodzimodzi ndi kwa malita 18, kusiyana ndi kutalika kwa mathileyi, ndipo zopanira zazitali za anamwino pa thileyi yaifupi zimachita kugona mopingasa n'kudya malo onse.

3 Marichi: thebulo laperewera

Dipoziti yalipidwa, theka la mtengo. Wogulitsa watumiza pepala la miyeso, ndapita nalo kuchipinda ndi tepi. Kauntala imene tinaipeza m'chipindamo ndi ya kukhitchini, masentimita 50 kuchoka kukhoma, pamene makina akufuna opitirira 60, kuwonjezapo mpata wa masentimita 10 kumbuyo kuti fani izipuma. Miyendo yakutsogolo ikanalendewera m'malere. Thabwa lakenso ndi la chipboard chofufuma kale pafupi ndi sinki.

Kalipentala wathu, mnyamata wa ku Mangochi amene amakhala ku Mayfair, wati kuwonjezera kathabwa kutsogolo n'kudzinamiza. Wachotsa chigawo chonsecho, waika felemu yachitsulo ndi thabwa lokhuthala losalowa madzi, masentimita 75. Zonse R2,300. Tapezerapo mwayi wokonza kayendedwe ka zinthu m'chipindamo kuti zakuda ndi zoyera zisamakumane: zochokera kwa wodwala zimalowera kumanzere pa sinki, kenako makina otsukira a ultrasonic amene tagula R3,600, kenako poumitsira ndi kulongedza, kenako autoclave, ndipo kabati ya zoyera ili kumanja kwenikweni pafupi ndi khomo. Autoclave sichapa, chitsulo cholowa ndi magazi ouma kapena simenti ya mano chimatuluka nazo zitapsereramo.

15 Marichi: magetsi

Kachitsulo ka kumbuyo kwa makina kalembedwa 2,300 W, ndiye kuti pafupifupi ma amp 10. Soketi ya m'chipindamo tapeza kuti ili pa waya umodzi ndi kompuresa ya mipando komanso ketulo ya polandirira alendo. Zitatuzo zitayaka pamodzi breaker ikanagwa pakati pa ntchito. Achimwene amagetsi, amene ali ndi mapepala awo onse, akoka waya wakewake wa 2.5 mm² kuchokera pa DB board, breaker ya ma amp 20, kudzera pa earth leakage, n'kutipatsa satifiketi ya CoC, yotsimikizira kuti mawaya aikidwa motsatira malamulo, imene eni nyumba ndi a inshuwalansi amaifuna. R3,900.

Pulagi ya makinawo ndi ya ku Ulaya, ya mano awiri, imene earth yake ili m'mbali. Ukaiika pa adaputala yotchipa ya m'mashopu a m'tawuni makina amayaka ndithu, koma earth sigunda paliponse, chonsecho ndi bokosi lachitsulo lokhala ndi madzi m'kati. Achimwenewo anafuna kungodula n'kuika pulagi ya kuno ya mano atatu. Ndawapempha adikire, ndaimbira wogulitsa, ndipo wati adzabwera ndi chingwe cha pulagi ya kuno kuti waranti isakhudzidwe.

28 Marichi: makina afika

Amuna awiri anyamula kukweza pa kauntala, wokonza wasintha chingwe, wakweza pang'ono miyendo yakutsogolo monga buku likunenera kuti madzi azitsetserekera ku kabowo ka kumbuyo. Atayatsa, chitseko chili chotsegula, wandikodola kuti ndione pa sikirini. Pamene payenera kulembedwa 0.00 panali -0.18. Makina anali ndi miyeso ya kufakitale, ya m'mphepete mwa nyanja, ndiye mpweya wa ku Joni ankauwerenga ngati pampu yayamba kale kuyamwa. Wafotokoza kuti akasiyidwa choncho amatha kukana kutsegula chitseko pomaliza, akudikira kuti mpweya ubwerere pa mlingo umene kuno sufikapo, kapena kumangolira alamu popanda chifukwa chooneka. Makina ena amadziyeza okha chitseko chikakhala chotsegula. Athuwa amafuna munthu alowe m'menyu ya okonza. Mphindi zochepa chabe, sikirini yabwera pa ziro. Tikanagula a bokosi lotumizidwa aja, apa ndiye tikanagwira njakata, osadziwa n'komwe kuti vuto ndi phiri limene takhalapo.

Kenako mayeso. Oyamba ndi a vacuum, chemba chili chozizira, chouma, chopanda kanthu: pampu imayamwa, makina n'kudikira kuona ngati mpweya ukulowa penapake. Malire ndi 1.3 mbar pa mphindi; athu aonetsa 0.3. Achiwiri ndi a Helix, kapaipi kotalika mita imodzi ndi theka, bowo lake mamilimita 2, kokulungidwa, kumapeto kwake kuli kabotolo kotsekeka komwe umaikamo kapepala kosintha mtundu. Nthunzi ikafika kumapeto kwa kapaipi kameneko ndiye kuti m'handpiece ifikanso. Kapepala kasintha konse. Achitatu ndi paketi ya Bowie-Dick, ya katundu wonga nsalu ndi gozi, pa madigiri 134 kwa mphindi zitatu ndi theka. Pepala latuluka la mtundu umodzi paliponse, popanda banga lotuwa pakati. Zida za Helix ndi timapepala take tagula R1,650.

Mapulogalamu amene tizigwiritsa ntchito ndi awiri: 134 pa zitsulo, ma handpiece ndi gozi, 121 pa zalabala ndi pulasitiki zimene wopanga walola. Buku la muyezo limati pa 134 nthunzi igwire mphindi zosachepera zitatu, pa 121 zosachepera 15, koma musanyengedwe ndi manambala amenewo. Kuyambira potseka chitseko mpaka katundu atauma, ulendo umodzi wa zokutidwa ukutitengera mphindi pafupifupi 45. Wokonza watsindikanso kwa anamwino kuti mabotolo a zamadzimadzi asalowe m'makina awa, ndipo cholembedwa kuti n'chogwiritsa ntchito kamodzi chipite kotaya.

12 Epulo: madzi

Chipatala chatsegulidwa pa 3 Epulo. Sabata yoyamba timagula madzi a distilled ku famase, koma makina akumwa pafupifupi theka la lita pa ulendo uliwonse, ndiye zigubu zikutha msanga. Dzulo wotumidwa anapeza ku famase atha, n'kubwera ndi madzi a pa shopu yodzazitsa zigubu, olembedwa kuti ndi oyeretsedwa. Makina awakana, alamu ya madzi, osayamba n'komwe. Odwala awiri anadikira pa benchi pamene timakhuthula thanki.

Ndagula kamita koyezera mchere wa m'madzi, konga cholembera, R350. Muyezo wa EN 13060 umalangiza kuti madzi olowa m'makina asapitirire 15 µS/cm. A pa shopu aja aonetsa kupitirira 60. A pampopi, amene Rand Water imatenga ku damu la Vaal, aonetsa pafupifupi 200. Kumwa ndi abwino, koma m'makina mcherewo umakakamira m'timapaipi ndi m'mavavu, n'kusiyanso mawanga pa zitsulo. Zoyerayera zimene ndinaona m'makina a kaunjika aja ndi zomwezi. Waranti nayo imanena poyera kuti zowonongeka ndi madzi oipa si zawo.

Tagula distiller ya malita 4, yowiritsa madzi n'kutcheza nthunzi yake kuti mchere utsale, R2,900. Imadya 750 W ndipo imatenga maola anayi kapena asanu kuti idzaze jagi yake. Madzi ake aonetsa 2. Thanki ya madzi ogwira kale ntchito ndikukhuthula madzulo aliwonse, ndipo madzi amenewo sabwereranso m'makina chifukwa ali ndi mafuta a ma handpiece.

20 Epulo: magetsi azima pakati pa ulendo

Mwezi uno load shedding yafika pa stage 6, ndipo nthawi zina magetsi akupita maola anayi osabwera. Lolemba anazima makina ali pa madigiri 134, m'kati muli ma handpiece atatu mwa anayi othamanga. Chitseko chinakhala chokhoma mpaka nthunzi itatsika ndi magetsi atabwera, ndipo atabwera sikirini inalemba kuti ulendo sunathe. Timapepala ta pa mapaketi tinali titasintha mtundu. Mtsikana amene akuphunzira ntchito kwa ine anati, "Ankolo, komatu zasintha, sizapsa izi?" Ayi. Ulendo wosatha ndi katundu wakuda, ndipo mapaketi anali onyowa. Tinatsegula onse, kulongedza m'mapaketi atsopano, kuyambiranso. Adokotala anagwira masana onse ndi handpiece imodzi, odwala ena anauzidwa kuti abwere mawa lake.

Invata ya chipatala ndi ya 3 kVA, ya magetsi owunikira, mipando ndi kompyuta. Autoclave itakwerapo mabatire angathe nthawi yomweyo, mwinanso invatayo ingazime. Jenereta eni nyumba akana chifukwa pamwamba pathu pamagona anthu. Ndiye tachita zitatu. Ndondomeko ya kuzima kwa magetsi ndikuiona pa pulogalamu ya pa foni ya EskomSePush m'mawa uliwonse n'kuilemba pa bolodi pamwamba pa makina, ndipo lamulo ndi lakuti ngati kwatsala nthawi yosakwana ola limodzi, makina sayatsidwa. Tagula ma handpiece ena awiri, R3,400 iliyonse, kuti pakhale zosinthira. Taikanso kachipangizo koteteza makina magetsi akabwera mwamphamvu, kamene kamadikira mphindi zingapo kasanalole moto kudutsa, R1,200.

Apa ndi pamene ndaonera phindu la B limene sindinaliwerengere pa 8 Febuluwale paja. Poti katundu amatuluka ali m'mapaketi otseka ndi ouma, ndimatha kuyendetsa makina maulendo angapo motsatizana nthawi imene magetsi alipo, ngakhale m'mamawa odwala asanafike, n'kudzaza kabati. Magetsi akapita, adokotala amangotenga paketi n'kung'amba pamaso pa wodwala. Tikanakhala ndi N, zitsulo zosakutidwa sizisungika. Zikanafuna kuphikidwa nthawi yomwe zikufunikayo, imene kawirikawiri ndi nthawi yomwe kuli mdima. Distiller nayo ikuvutika ndi kuzimaku, ndiye ikugwira ntchito usiku ndipo tikusunga zigubu ziwiri zodzaza.

9 Meyi: mapaketi onyowa

Kwayamba kuzizira, ndipo sabata yathayi mapaketi ena amatuluka ndi timadontho m'kati. Pepala lonyowa limalola tizilombo kudutsa, ndiye paketi yotere imabwerera poyambira. Ndinaganiza kuti pampu yayamba kufooka, koma Helix ikudutsa m'mawa uliwonse. Wokonza pa foni anati ndimutumizire chithunzi cha thileyi tisanatseke chitseko. Chithunzicho chinayankha chokha. Pothamangitsana ndi magetsi, mapaketi amasanjikizidwa atatuatatu chogona, ena pulasitiki ili pansi moti madzi amadikha m'menemo osapeza potulukira.

Tsopano mapaketi akuima cham'mbali pa kachoikamo kachitsulo kamene kanabwera ndi makina, pepala la paketi iyi kuyang'ana pulasitiki ya inzake, ndi kampata koti chala chilowe. Paketi isadzaze kupitirira magawo atatu a magawo anayi. Zozulira mano ndi masizasi zilowe zili zoyasamula. Zolemera pa thileyi yapansi. China chimene sindikanachiganizira: mapaketi otentha amaikidwa pa kauntala yachitsulo yozizira, n'kuchita thukuta pansi ngakhale atatuluka ouma. Pano akuzizirira pa thileyi yawo yomweyo, pa kashelefu ka waya, asanagwiridwe.

Panalinso mabanga a mafuta pa mapaketi a ma handpiece. Mafuta ndi ofunika isanalowe m'makina, koma otsalira ayenera kutuluka: ukapopera, iyendetse kwa kanthawi, iimike mutu pansi, ipukute, kenako ulongedze. Deti ndi nambala ya ulendo tikulemba m'mphepete mwa paketi kunja kwa chomatira, osati pakati pa pepala pomwe cholembera chingaboole.

Mapaketi odzimata okha tikugula R220 bokosi la 200. Kachizindikiro ka pa paketi, ngati tepi ya mizere ija, kamangonena kuti paketiyo yalowapo m'moto. N'chifukwa chake m'ulendo uliwonse ndikuikamo kapepala ka Type 5 m'paketi ya pakati penipeni, kamene kamasintha pokhapokha nthunzi, kutentha ndi nthawi zonse zitakwana, ndipo kamamatidwa m'buku pambali pa nambala ya ulendowo.

2 Juni: mayeso a vacuum alephera

Lachiwiri m'mawa mayeso a vacuum a sabata ino anaonetsa 2.1, kupitirira malire. Makina sanagwire ntchito m'mawa umenewo. Tinagwiritsa ntchito mapaketi a m'kabati. Ndinachotsa labala wa pachitseko monga anatiphunzitsira, ndipo kuseri kwake, cham'munsi, munali kachidutswa ka pepala lomatula pa paketi, kofewa, kokakamira ngati chingamu, ndi kamzere ka mafuta akuda. Ndinatsuka labalayo ndi mkombero wa chemba ndi kansalu konyowa kopanda ubweya, n'kubwezera. Kubwereza mayeso nthawi yomweyo sikuthandiza ngati chemba chatenthedwa kale kapena chili ndi chinyezi, manambala amanama, ndiye ndinasiya chitseko chotsegula mpaka chiume. Kachiwiri anaonetsa 0.4, Helix inadutsa, ntchito inayambanso masana. Kupukuta labala kwalowa pa ntchito za madzulo aliwonse, ndipo ndaitanitsa wina wapadera, R780, kuti azikhala m'dirowa.

Mayeso a tizilombo tamoyo tinayamba mwezi watha. Timabotolo take tili ndi njere za Geobacillus stearothermophilus, kachilombo kopirira kutentha kwambiri. Kamodzi pa sabata kabotolo kamodzi kamalowa m'paketi pamodzi ndi katundu, kanzake kamatsala panja, kenako tonse tiwiri timafinyidwa n'kuikidwa m'kachofungatira ka madigiri 55 mpaka 60. Kolowa m'makina kayenera kukhalabe kapepo. Kotsala panja kayenera kusanduka kachikasu, apo ayi ndiye kuti timabotoloto kapena chofungatiracho n'chimene chili ndi vuto ndipo mayesowo sakunena kanthu. Mpaka pano zonse zili bwino. Chofungatira R3,200, bokosi la timabotolo R1,400.

Alamu anandipempha ndiwerengere zonse zimene chipindachi chadya kufika lero. Makina a R58,500 aja, tikaphatikiza kauntala, waya, ultrasonic, distiller, zoyezera, choteteza magetsi ndi ma handpiece owonjezera, afika pafupifupi R86,000, osawerengera mapaketi ndi timapepala ta mwezi ndi mwezi. Amene mukupanga bajeti, pa mtengo wa makina onjezanipo pafupifupi theka lake.

Zotsala ndi ziwiri. Zolemba za ulendo uliwonse makina amasunga pa USB, ndipo ndikufuna zizikoperedwa pa kompyuta ya polandirira alendo Lachisanu lililonse, chifukwa oyendera zipatala akabwera amafuna kuona mapepala. Chachiwiri ndi madzi: wogulitsa watipatsa kotesheni ya R6,500 ya kasefa kochotsa mchere kolumikiza ku mpopi, kosafuna magetsi, kuti distiller ipumeko. Paipi yake iyenera kuboola khoma la pakati pa sinki ndi makina, ndiye kalata yopempha chilolezo yapita kwa eni nyumba dzulo.